Kodi Munthu Amene Sanabwere Mumamuwerenga Bwanji?

M'mabwalo ambiri a mpira wa m'mayunivesite ku America muli mwambo umene saulumpha. Masewero akapitirira theka, wolengeza pachimkuzamawu amatchula chiwerengero cha anthu amene abwera kudzaonerera. Sanena zoti "anthu ngati 80,000" ayi. Amatchula nambala yonse mpaka munthu wotsiriza, ngati kuti wina anaima pachipata n'kumagwira paphewa aliyense wolowa. Anthu amaomba m'manja. Mawa lake nambala ija imatuluka m'nyuzipepala pafupi ndi zigoli, ndipo nyengo ya mpira ikatha imakalowa m'mabuku a NCAA, bungwe limene limayang'anira masewero a m'makoleji m'dzikomo.

Mpira ndikunenawu ndi wonyamula m'manja uja, wa anyamata ovala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Malamulo ake ndawasiyira eni ake. Changa ine ndi kuwerenga basi, kumene tonse tinaphunzira ku Sitandade 1. Ndiye ndithandizeni akuluakulu, paja safunsa anadya phula. Kamera ya pa TV ikazungulira bwalo timaona mizere yathunthu ya mipando ili pululu, mbali ya ophunzira muli anthu apa ndi apo, koma wolengeza akuti bwalo ladzaza tho. Anthu enawo ali kuti? Onse apita kuchimbudzi nthawi imodzi?

Odziwa amayankha kuti nambala yolengezedwayo si ya anthu amene alowa. Kawirikawiri imakhala ya matikiti amene atuluka mu ofesi: ogulitsidwa, opatsidwa kwa makampani othandiza timu, ogawidwa ulere kwa ana asukulu ndi kwa mabanja a osewera. Mayunivesite ena amaonjezapo aliyense amene walowa ndi chiphaso cha ntchito. NCAA siikakamiza njira imodzi yowerengera nambala yolengezayi, yunivesite iliyonse imadzisankhira yokha. Chabwino, ndamva. Koma ngati zili choncho, wolengezayo amathokoza ndani akamati zikomo pobwera? Munthu amene wagula tikiti n'kukhala m'nyumba mwake atafunda bulangete chifukwa kunja kukuzizira, ameneyo wabwera?

M'chaka cha 2018 nyuzipepala ya Wall Street Journal inachita chinthu chophweka chimene ngakhale mwana akanaganiza. Masiku ano tikiti iliyonse imaonetsedwa pachipata ku kamakina kamene kamalira "tii" n'kulemba kuti munthu walowa. Atolankhaniwo anapempha mayunivesite kuti awaonetse zimene timakinato tinalemba m'nyengo ya 2017, ndipo poti ambiri mwa mayunivesitewo ndi a boma, malamulo amawakakamiza kuulula zikalata zotere. Anapeza manambala a mayunivesite 96 mwa pafupifupi 130 a m'gulu lapamwamba, lotchedwa FBS. Atafananitsa, zinaoneka kuti pa anthu 100 aliwonse olengezedwa, amene matikiti awo anadutsa pachipata anali 71 okha. Tiyeni tiwerengere limodzi, mwina ine ndikuphonya penapake. Ngati alengeza kuti m'bwalo muli anthu 50,000, ndiye kuti kamakina kanalira ka 35,500. Enawo 14,500 analowera kuti?

Ku Coastal Carolina, yunivesite imene inali itangolowa kumene m'gulu lapamwambali, anali 17 pa 100. Ku Florida State, timu yotchuka imene inatenga chikho cha dziko lonse m'nyengo ya 2013, anali 57. A ku Florida State anafotokoza kuti makinawo ndi anthu owagwiritsa ntchito ankavuta, ndipo anati kusiyanako sikunali kwakukulu choncho. Izi n'zotheka ndithu. Netiweki imaduka, mabatire amatha, chikhamu chikapanikizana pachipata masewero atatsala pang'ono kuyamba alonda akhoza kungoti lowani. Koma kamakina kophonya anthu ochuluka chonchi munakagulanji? Ngati pachipata pamadutsa anthu masauzande osaonedwa tikiti, wa tikiti yachinyengo mumamugwira bwanji? Ndiponso makinawo anadziwa bwanji kuti avute chaka chimene timuyo inagonja masewero 6?

Tipite ku Ann Arbor, ku Michigan Stadium, bwalo lalikulu kuposa onse ku America, limene eni ake amalitcha Big House. Pa 7 Seputembala 2013, Michigan ikusewera ndi Notre Dame usiku, analengeza kuti munali anthu 115,109. Nthawi imeneyo bwaloli linali ndi malo a anthu 109,901. Mukachotsera, otsala ndi 5,208. Amenewa anakhala pati? Pamiyendo pa anzawo? Ayi, akuti Michigan imawerenganso anthu a ntchito: atolankhani, oimba bandi, alonda, oonetsa anthu mipando, ogulitsa zakudya. Ndiye kuti mayi amene watha masewero onse atafulatira bwalo, akuthira zakumwa m'makapu, nayenso ndi woonerera. Pamenepo sinditsutsa kwambiri, chifukwa mayiyu thupi lake lilipo, kusiyana ndi wa bulangete uja. Koma taonani mmene zakhalira. Wosabwera akuwerengedwa chifukwa analipira. Wosalipira akuwerengedwa chifukwa wabwera. Nanga amene sawerengedwa ndi ndani?

Bwalo lomwelo lero lili ndi malo a anthu 107,601. Kuyambira 1956 nambala ya malo ake imathera ndi 1 nthawi zonse, ngakhale alikuze kapena alichepetse. Mpando umodziwo ndi wa Fritz Crisler, amene anali mphunzitsi wa timuyo ndiponso mkulu wa zamasewero pasukulupo, ndipo pamene uli ndi chinsinsi. Mkuluyu anamwalira mu 1982. Ndi ulemu wokoma, sindikuunyoza. Ndikungofuna kudziwa ngati tsiku limene bwalo ladzaza iyenso amalowa m'chiwerengero.

Michigan imanyadira kuti kuyambira Novembala 1975 masewero ake onse a pakhomo akhala ndi anthu opitirira 100,000, kupatula chaka cha mliri wa korona pamene zipata zinali zotseka. Mu Seputembala 2014, timu ikuchita zofooka, pasitolo ina ya pasukulupo panaikidwa chikwangwani chakuti wogula mabotolo awiri a Coca-Cola apatsidwa matikiti awiri a masewero a Michigan ndi Minnesota. Zakumwazo zinali za madola 3, pamene tikiti iliyonse mtengo wake weniweni unali madola 75. Nkhani itawanda, yunivesite inati panali kusamvana ndipo malondawo anaimitsidwa. Tsiku la masewero analengezabe anthu opitirira 100,000. Funso langa ndi laling'ono. Wophunzira amene anali ndi ludzu chabe, wamwa zakumwa zake, matikiti n'kuwaiwala m'thumba la buluku mpaka kuwachapira limodzi, ali m'kati mwa nambalayo kapena ayi? Mwa kuwerenga kwawoko alimo, iye ndi mnzake yemwe sanamuitane n'komwe.

Nkhani imene yandiimitsa mutu kwambiri ndi ya ku Nebraska. Ku Memorial Stadium mumzinda wa Lincoln amati matikiti onse akhala akutha pa masewero aliwonse a pakhomo kuyambira pa 3 Novembala 1962, chaka choyamba cha mphunzitsi Bob Devaney, ndipo mu Seputembala 2024 anafika pa masewero 400 osadukiza. Chikondi cha anthu a kumeneko pa timu yawo n'chenicheni, chimenecho palibe angachikane. Deralo lilibe timu ya mu ligi yaikulu ya NFL, choncho mtima wonse uli pa anyamata a payunivesite, amene anatenga chikho cha dziko lonse kasanu, mu 1970, 1971, 1994, 1995 ndi 1997. Amakonda kunena kuti tsiku la masewero bwalolo limasanduka mzinda wachitatu kukula m'dera lonselo, kutsatira Omaha ndi Lincoln. Koma kuyambira 2017 mpaka 2023 timuyo chaka chilichonse inkagonja kambiri kuposa kupambana, ndipo munthu ndi munthu, amatopa. Mu 2021, masewero a Nebraska ndi Fordham atayandikira, matikiti anatsala. Anthu awiri achuma anagula otsalawo onse, ndipo anagawidwa kwa ana ochokera m'mabanja ovutika. Mbiri inapulumuka.

Kuti mwana wosauka aone mpira ulere, chimenecho n'chabwino, ndipo opereka aja Mulungu awadalitse. Koma ine ndimayesa kuti mbiri yotere ndi umboni wakuti anthu akulimbirana mipando. Ngati anthu awiri akhoza kugula mipando yonse yotsala, mbiriyo ikutiuza za chikondi cha khamu kapena za thumba la anthu awiri? Ndipo ingathe bwanji, poti ikangofuna kutha wina amasolola cheke? Chinthu chimene sichiloledwa kulephera chikapambana, timaomberanji m'manja? Notre Dame inali ndi mbiri yofanana kuyambira m'zaka za m'ma 1970, masewero 273 osadukiza. Mu Novembala 2019, pokumana ndi Navy, anangovomereza kuti matikiti sanathe. Yunivesite sinatsekedwe, timu sinathe, ndipo tsiku lomwelo anapambana.

Chaka cha 2020 chinabweretsa chinthu chimene mpaka lero chikundisowetsa yankho. Poti anthu ambiri sankaloledwa kulowa chifukwa cha mliri wa korona, mayunivesite ambiri ankagulitsa mwayi woti chithunzi chako chisindikizidwe pa katoni n'kukhazikidwa pampando. Katoniyo inalipiriridwa. Katoniyo inafikadi m'bwalo, inakhala pampando wake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, sinachoke msanga pothawa kuthithikana kwa magalimoto. Komabe sanaiwerenge. Ndikuvomereza kuti anachita bwino. Koma wina andifotokozere: katoni imeneyi yaperewera chiyani chimene munthu wa bulangete uja ali nacho?

Zonsezi ndi za akuluakulu, amene amakometsa nambala chifukwa cha ulemu. Matimu ang'onoang'ono ankaikometsa chifukwa cha mantha. Kwa zaka zambiri NCAA inali ndi lamulo lakuti yunivesite yofuna kukhalabe mu FBS izikhala ndi anthu osachepera 15,000 pa masewero a pakhomo mukawerengera chaka chonse, ngakhale kamodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Lamulolo linkalola kusankha: muwerenge anthu olowa kapena matikiti olipiridwa, bola tikitiyo igulidwe pamtengo wosachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti yodula kwambiri. Silinanene kuti wogula akhale munthu wofuna kuonera mpira.

Pa mtunda wa makilomita ochepa chabe kuchokera ku Big House pali tauni ya Ypsilanti, kwawo kwa Eastern Michigan, imene bwalo lake linali ndi malo a anthu pafupifupi 30,000 koma kwa zaka zambiri linkakhala mbee. Cha m'ma 2010 zinadziwika kuti mu mgwirizano wogulitsa zakumwa pasukulupo, kampani ya Pepsi inkagula matikiti 50,000 pamtengo wa madola 3 iliyonse. Northern Illinois ndiye sinavutike n'kufunafuna kampani. Mu 2017 inadzigula yokha matikiti opitirira 50,000. Ndalama zinachoka mu ofesi ina ya yunivesite n'kulowa mu ofesi ina ya yunivesite yomweyo, m'buku n'kulembamo kuti kunabwera anthu. Lamulo silinaphwanyidwe. Koma wogulitsa ndani apa, wogula ndani? Ndipo poti zamasewero m'mayunivesite oterewa zimadalira kwambiri ndalama za sukulu ndi zimene ophunzira amalipira, ndiye kuti mtsikana amene akuwerenga mulaibulale usiku umenewo, amene mpirawo saukonda n'komwe, wathandiza kugula mpando woti pasakhale munthu?

Nthawi imeneyo mayunivesite awiriwa anali mu ligi ya Mid-American Conference, imene mu Novembala imasewera Lachiwiri ndi Lachitatu usiku chifukwa ndi masiku amene wayilesi ya kanema ya ESPN ili ndi mpata wowaonetsa. Kumpoto kwa America nthawi imeneyo kumazizira koopsa, ndipo mawa lake kuli ntchito ndi makalasi. Mu kafukufuku wa Wall Street Journal uja, ligi imeneyi inali ndi 45 pa 100. Ndiye mwasamutsa masewero kuwaika pa tsiku limene anthu sangabwere, kenaka mukugula matikiti kuti zioneke ngati anabwera. Sikukanakhala kosavuta kusewera Loweruka masana? Yankho ndikulidziwa, ndalama za pa TV n'zambiri kuposa za pachipata. Ngati zili choncho, lamulo la anthu 15,000 linali loteteza chiyani? Zikuoneka kuti a NCAA nawonso anadzifunsa, chifukwa mu Okutobala 2023 analichotsa, n'kukweza ndalama yolowera mu FBS kuchoka pa madola 5,000 kufika pa madola 5 miliyoni. Chimenecho ndachimvetsa msanga. Madola sajomba chifukwa cha kuzizira.

Kwathu kuno madandaulo a ochemerera mpira amayenda chobwerera: bwalo ladzaza mpaka ena kukwera pampanda, koma ndalama za pachipata zikalengezedwa anthu amayang'anana. Ife anthu amaoneka, matikiti osaoneka. Anzathuwo matikiti amaoneka, anthu osaoneka.

Ena amati musadabwe, zokometsa nambala ku America zinayamba kale. N'zoona. Mu 1927, Notre Dame ya mphunzitsi Knute Rockne inagonjetsa Southern California 7 kwa 6 pa Soldier Field ku Chicago, ndipo mabuku amati kunali anthu 120,000, pamene olipira sanafike 100,000. Koma a nthawi imeneyo ndikhoza kuwakhululukira. Munthu ankaima pamwamba, n'kuponya maso, n'kutchula nambala yozungulira bwino imene aliyense ankadziwa kuti ndi yongoyerekeza. Lero tikiti ili pafoni. Ofesi imadziwa chipata chimene munthu walowera, mphindi imene walowa, ndi mpando umene mwini wake sanaukhalepo kuyambira nyengo itayamba. Nambala yeniyeni ilipo, ili m'kompyuta masewero asanafike ndi theka lomwe. N'zachidziwikire kuti wokonza zakudya zogulitsa satsatira matikiti ogawidwa, chifukwa zambiri zingatayidwe. Iye amafuna kudziwa pakamwa pamene padzadye. Nanga bwanji ophika auzidwe zoona koma ife owerenga nyuzipepala tiuzidwe zina?

Mbali ya eni mabwalo ndiyenera kuimvera, chifukwa si yopanda nzeru. Amati tikiti yogulidwa ndi ndalama, munthu abwere asabwere, ndipo mpando wake sungagulitsidwe kwa wina. Amatinso si iwo okha. Mu baseball, ligi ya National League inkalengeza anthu odutsa pachipata mpaka 1992, ndipo kuyambira 1993 inatsatira inzake ya American League polengeza matikiti ogulitsidwa. Zonsezi ndazimva. Komano ngati tikuwerenga ndalama, matikiti aulere akufunamo chiyani? Mlonda ndi woimba ng'oma mu bandi akufunamo chiyani? Ndipo ngati tikuwerenga anthu, wosabwera akufunamo chiyani? Sankhanipo chimodzi. Chimene chikuchitika n'chakuti paliponse pamene pali njira ziwiri, amatenga imene ikukulitsa nambala, ndipo pena amatenga zonse ziwiri n'kuphatikiza.

Ndikafunsa kuti phindu lake n'chiyani, mayankho amabwera mosavuta moti ndimachita manyazi kuti ndinafunsa. Kampani yofuna kuika chikwangwani chake m'bwalo imafunsa kuti chidzaonedwa ndi anthu angati. Mnyamata wa ku sekondale amene matimu angapo akumulimbirana amafuna kukasewera pamaso pa khamu. Okonza masewero a kumapeto kwa nyengo, amene amaitana matimu ochita bwino, amakonda timu imene ochemerera ake amaoneka ochuluka. Mkulu wa zamasewero akamapempha ndalama zokulitsira bwalo amapita ndi nambala yomweyo kwa anthu achuma ndi kwa oyendetsa yunivesite. Onsewa akupanga chiganizo cha ndalama poyang'ana nambala imene mwini wake akudziwa kuti si ya anthu. Ena amati aliyense amadziwa kale, ndiye palibe akunamizidwa. Ngati aliyense akudziwa, akuilengezeranji? Ndipo amene akuomba m'manja aja akuombera chiyani?

Palinso china. Mabuku a NCAA amasonyeza kuti mu 2008 masewero a FBS ankaonereredwa ndi anthu 46,971 pa masewero amodzi mukawerengera onse, ndipo pofika 2019 anali atatsika kufika pa 41,477. Akuluakulu a mpira anada nkhawa, n'kuyamba kukonza intaneti m'mabwalo, ena kulola kugulitsa mowa, ena kuchotsa mabenchi n'kuika mipando yotakasuka. Koma manambala awiri onsewo ndi olengezedwa. Ngati ngakhale nambala yokometsedwa ikutsika, yeniyeni ili pati? Ndipo mungachize bwanji matenda amene mukukana kuwayeza bwinobwino?

Chimene chikundipweteka pang'ono n'chakuti awa ndi mayunivesite. Michigan, Nebraska, Florida State ndi malo amene amaphunzitsa masamu ndi kuwerengera ndalama, kumene wophunzira wopeka manambala pa kafukufuku wake akhoza kuchotsedwa sukulu. Mphunzitsi akamaitana mayina m'kalasi salemba kuti wophunzira analipo chifukwa chakuti analipira fizi. Koma Loweruka, pa bwalo la sukulu yomweyo, kulipira ndi kubwera zimasanduka chinthu chimodzi. Ophunzirawo atengepo phunziro liti, la Lolemba kapena la Loweruka?

Pempho langa kwa eni mabwalo ndi losavuta ndipo silifuna ndalama ina iliyonse, poti manambala onse ali nawo kale. Wolengeza azitchula awiri: matikiti amene atuluka mu ofesi ndi akuti, anthu amene adutsa pachipata ndi akuti. Anyuzipepala nawonso azisindikiza onse awiri, ndipo yunivesite ikakana kupereka yachiwiriyo azilemba kuti yakana.